Kambale ka Mchere m'Nkhokwe ya Zipolopolo

Lolemba, 3 Febuluwale

Iwe amene watsegula kope ili, wakutuma ndani? Tseka. Ngati sutseka, yankha kaye: chipolopolo chimafa bwanji chili m'bokosi, popanda wochikhudza? Sukudziwa. Ndiye werenga mwakachetechete ngati munthu wosadziwa.

Chimafa ndi chinyezi. Pang'onopang'ono, mopanda phokoso. Kunja chikuwala bwinobwino, m'kati onga wanyowa. Umadzadziwa tsiku lomwe wachifuna.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndikusunga nkhokwe ya zipolopolo za alonda a nyama zakutchire. Sukulu ndinalekeza kalasi yachisanu. Kuwerenga kwenikweni ndinaphunzirira pa mabokosi omwewa.

Chida changa chachikulu: kambale ka mchere, pakona ya kumbuyo. Kambale ka malemu mkazi wanga, kobenthuka m'mphepete. M'mawa uliwonse ndimapisamo chala. Mchere ukayoyoka, zili bwino. Ukagwirana, m'nyumba mwalowa mdani.

Lero wagwirana. Chibuma.

Chifukwa chake ndikuchidziwa. Bwana watsopano. Mu Disembala anaitana mmisiri, namata ndi simenti zibowo zinayi za mpweya za pamwamba pa khoma, ati wakuba angapisepo waya. Wakuba wake uti, wa mkono wonga njoka? Katundu watsopano atabwera anachotsanso matabwa a pansi kuti mabokosi akwane. Tsopano akhala pa simenti, atsamira khoma. Mvula sinakate chiyambire Lachinayi.

Ndipo zipolopolo zimenezi amanyamula ndi mwana wanga. Kamsomali wanga. Mmodzi yekhayo.

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Ndinapita ku ofesi ndi kambale kanga m'manja. Bwana anayang'ana mcherewo, nayang'ana ine. Ati: "Madala, kuno si kukhitchini. Makina athu akunena kuti zonse zili bwino."

Makina ake! Kachinthu ka batire koyeza chinyezi, anakakhomera pafupi ndi chitseko, pomwe pamawomba dzuwa tikatsegula. Kanene chiyani pamenepo? Kapite kumbuyo kukona kakaone. Ndinamuuza choncho. Ndinamuuzanso zina. Mawu anakwera, anthu mpaka ku galaja anamva. Sajeni anandikoka malaya, ati madala mudzafa ndi pakamwa panu. Kufa ndidzafa ndithu, koma osati ndi bodza.

Kuyambira lero dzina lake ndi Bwana Batire.

Malamulo a nkhokwe si ambiri. Bokosi lisakhudze pansi. Pakati pa bokosi ndi khoma pazilowa mkono. Zakale zizituluka poyamba. Chitini chomata usachitsegule tsiku la mvula. Labala wa pachivundikiro akauma, sintha. Timatumba toyamwa chinyezi tikakhuta, kaumitse pa kamoto kochepa, tibwerere. Mpweya uziyenda. Basi. Palibe la batire pamenepa.

Masana ndinaumitsa timatumba makumi anayi mu chiwaya. Mutu kuwawa.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Tsiku logawa zipolopolo. Alonda pa mzere pa zenera la nkhokwe. Kamsomali wachisanu pa mzere, chipewa chamukulira, mphuno yonyowa ndi chimfine.

Zaka ziwiri tsopano chilowereni ntchito imeneyi. Ine sindinafune. Ndinkafuna atenge makina osokera a mayi ake, akhale pa khonde, azisoka madiresi a ukwati, ine ndiziona. Iye ayi, nkhalango. Tsiku lomwe anabwera koyamba pa zenera atavala yunifomu, akumwetulira, ndinamuuza kuti pa zenera pano ndilibe mwana, ndili ndi alonda okha. Anamva. Mwana ameneyu amamva kamodzi. Chiyambire pamenepo amangoti, "Moni a nkhokwe," kusaina, kunyamula, kupita. Kunyumba nkhani ya ntchito sitiikhudza.

Chimene sadziwa: zake ndimatenga m'bokosi la pakati penipeni, louma kuposa onse. Chilichonse ndimachitembenuza pa kuwala, ndimachipukuta ndi nsalu youma. Ndimachita m'mawa anthu asanafike. Ndi kukondera, ndikudziwa. Andimange.

Lero atasaina anaima pang'ono. Anatsegula pakamwa. Ine: "Wotsatira!" Anapita.

Chimfine chimenecho sindikuchikonda.

Lamulungu, 9 Febuluwale

Anabwera kunyumba. Anandimeta pa khonde, ati mutu wanga wafanana ndi tchire lomwe amalondera, mwina mukhoza kupezeka nyama. Ndinati samala khutu, iwe mlonda wa agwape. Tinaseka.

Kenako anavundukula makina a mayi ake, nawathira mafuta monga amachitira mwezi uliwonse. Sasoka, koma salola kuti achite dzimbiri. Manja ake pa gudumu lija ndi a mayi ake enieni. Ndinayang'ana kumbali.

Ndinamuphunzitsa ndine. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, mayi ake atangotisiya, sindinkadziwa cholankhula ndi kamwana kakakazi. Ndiye Loweruka lililonse tinkatenga kabotolo ka mafuta n'kuzungulira nyumba: tcheni cha njinga, mahinjesi, loko, khasu, sizasi. Ndinkamuuza kuti chitsulo chopanda mafuta n'chakufa. Iye ankabwereza ngati nyimbo. Woonda, wouma mutu, ukamumenya ndi mawu amangolowerera. N'chifukwa chake Kamsomali.

Pochoka ati: "Bambo, ndatenga kabotolo aka, ndidzabweza." Ndinati tenga. Ndinamuikira mandimu atatu m'chikwama osamuuza.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Gulu lawo lalowa m'nkhalango m'mawa. Sabata yathunthu. Anthu otchera misampha ya waya achuluka kumtsinje.

Ine ndinatsegula bokosi la pansi, la kukhoma. Makatoni ofewa ngati buledi wonyowa. Chuku. Pa mkuwa madontho obiriwira. Mabokosi atatu otero. Ndawaika padera, ndawalemba mtanda ndi choko.

Ndinaitana Bwana Batire kuti adzaone ndi maso ake. Anabwera, anaona, nkhope inasintha pang'ono. Koma ati ndilembe lipoti, alitumize kulikulu, tidikire yankho, zibowo sangatsegule yekha chifukwa anamata molamulidwa. Ndinati chinyezi sichidikira sitampa.

Lipoti ndalemba. Mizere inayi. Asakonze sipelo.

Mchere lero ukumata chala.

Loweruka, 15 Febuluwale

Njati. Mfuti sinalire.

Chipatala.

Lamulungu, 16 Febuluwale

Ali moyo. Ndilembe kawiri. Ali moyo.

Ntchafu yathyoka, nthiti zitatu. Amugoneka ndi mankhwala. Nkhope yatupa mbali imodzi, koma ndi iyeyo.

Sajeni wandifotokozera pa benchi ya panja. Anapeza njati itakodwa mwendo pa waya, yolusa ndi ululu. Waya unaduka. Kamsomali ndiye anali patsogolo. Anaima bwino, analoza bwino. Kukoka: kha! Chete. Anatulutsa, nalowetsa china. Kha! Chete. Chachitatu analibenso nthawi. Sajeni ndiye anaombera, njati ili kale pa mwana wanga.

Sajeni ati: "Sanathawe, madala. Mwana wanu sanathawe." Ngati kuti zimenezo zindithandiza.

Ziwiri zotsatizana. Zochokera m'manja mwanga. M'bokosi la pakati lomwe ndinkati n'louma.

Namwino anandipatsa zovala zake m'pepala. M'thumba la jekete, ndimu limodzi, lodulidwa theka.

Lolemba, 17 Febuluwale

Ndachita chimene ndachita.

Pa pelete ya m'mawa, anthu onse ali pa mzere, ndinatuluka ndi kambale. Ndinakhuthula mchere wonyowawo pa nsapato za Bwana Batire. Ndinati iwe ndiwe wakupha. Ndinati iwe, osati inu. Ndinati simenti yako yathyola mwana wanga. Ndinati ukamufunse batire wako ngati amadziwa kulumikiza fupa.

Anangoyang'ana nsapato. Mnyamata wa msinkhu wa mwana wanga yemwe.

Masana kalata: ndiyambe ndapuma kaye, makiyi ndipereke kwa sajeni. Ndapereka. Thumba la buluku lapepuka, ndikuyenda mopendekeka.

Koma akulikulu amva. Akubwera Lachiwiri la sabata yamawa kudzafufuza, ndipo sajeni ati zibowo zitsegulidwa, matabwa abwerera. Kuti amve mpaka mwana athyoke.

Ndapempha sajeni abweze kambale pakona pake, athiremo mchere watsopano. Waseka, koma wavomera.

Lachinayi, 20 Febuluwale

Lero wadzuka bwinobwino. Wamwa tiyi. Wandifunsa ngati ndikudya.

Kenako anandigwira chala, monga ankachitira ali wamng'ono tikamawoloka msewu. Ati: "Bambo, musadziimbe mlandu. Zipolopolo zija ine ndinazisamala, sindikudziwa kuti zinakanika bwanji. Ndinamva mukukalipa za chinyezi tsiku lija, ndinachita mantha. Ndiye Lamulungu lomwe ndinatenga kabotolo lija ndinaziviika zonse m'mafuta a makina a amayi, m'kachitini, mpaka m'mawa. Kuti chinyezi chisalowe."

Ndinamva ngati bedi lapendekeka.

Anapitiriza. Ati kumaphunziro anawauza kuti zipolopolo sapaka kanthu, koma mphunzitsi wake anali wongowerenga m'buku. Ati: "Ndinati bambo anga amadziwa chitsulo kuposa iyeyo. Ndinkafuna ndikufunseni pa zenera, koma munati wotsatira."

Mafuta a makina ndi opyapyala. Amalowa paliponse, ndiyo ntchito yake. Amalowa kumatako kwa chipolopolo, pa kabatani pomwe moto umayambira, n'kupha motowo. Aliyense wosunga nkhokwe amadziwa zimenezi tsiku loyamba. Ine ndazidziwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Ndauza alonda mazana. Mmodzi yekha sindinamuuze.

Ndinati ndikupita kokataya madzi. Ndinakaima kuseri kwa wodi, pafupi ndi thanki. Nthawi yaitali.

Lachisanu, 21 Febuluwale

Sindinapite kuchipatala. Ine wa pakamwa posabisa. Ndinakhala m'nyumba ngati nkhuku yonyowa.

Ndinayang'ana makina osokera. Malo a kabotolo pa shelefu, bwalo la fumbi.

Nkhani yake ili chonchi. Ndikakhala chete, akulikulu abwera Lachiwiri, aona chuku, aona simenti, anena kuti ndi chinyezi. Zibowo zitsegulidwa. Bwana Batire achotsedwa, mwina ntchito imuthera. Ine makiyi abwerera. Mwana wanga sadzadziwa kuti anachita ndi manja ake. Aliyense apeza chake.

Ndikalankhula, anena kuti nkhokwe ilibe vuto, ndi mdala wamisala ndi mchere wake. Simenti ikhala pomwepo.

Koma bokosi la pakati linali louma. Ndinkadziwa kuyambira Lamulungu lija pa benchi, pansi pamtima. Ndinangofuna munthu womuthira mchere.

Ndipo akachira n'kudzaviikanso?

Loweruka, 22 Febuluwale

Ndamuuza.

Sindinazungulire. Ndinati mwana wanga, zipolopolo unazipha ndiwe, ndi mafuta aja, ndipo iwe unaphedwa ndi ine, ndi pakamwa panga potseka. Misozi inatsikira m'makutu chifukwa chogona chagada. Ndinaipukuta ndi chala chachikulu. Khungu langa ndi lokhakhala, sanadandaule.

Kenako anayamba kuseka, n'kugwira nthiti. Ati: "Ndiye chitsulo chopanda mafuta n'chakufa, kupatula chomwe chikanandipulumutsa? Bambo, munasiya mzere umodzi mu nyimbo yanu." Ndinati usaseke uthyola zotsalazo. Ati nanga zitsiru ziwiri m'banja limodzi, tilire?

Ndinakhala mpaka belu la alendo. Ndinamuuza zonse. Matabwa, mkono pakhoma, labala, timatumba, mchere. Momwe chipolopolo chodwala chimaonekera. Kuti m'nkhalango azisunga m'chitini chotseka bwino, azipukuta ndi nsalu youma basi, zonyowa azibweza kwa ine osachita manyazi. Mafuta ndi a mfuti, ndipo pang'ono, osafika kumene chipolopolo chimagona. Ankalemba kuseri kwa pepala la mankhwala. Mayi wa bedi loyandikana ati bambo awa ndi m'busa kapena? Kamsomali ati ayi, ndi a nkhokwe.

Ndinamuululiranso za bokosi la pakati. Ati ankadziwa. Ati zake zokha ndi zomwe zinkabwera zikununkhira sopo wa nsalu yanga.

Zaka ziwiri. Zinangofuna masana amodzi.

Lolemba, 24 Febuluwale

Pa pelete pomwe ndinathira mchere, ndinapita pomwepo. Anthu omwewo, mzere womwewo. Alonda a pageti anafuna kundiletsa, sajeni anawakodola kuti andisiye.

Ndinavula chipewa. Ndinati bwana, ndinakunamizirani. Mfuti ija sinakanike chifukwa cha simenti yanu. Ndinafotokoza za mafuta, ndinati wolakwa ndine amene sindinaphunzitse mwana wanga. Ndinati ndinakutchulani wakupha pamaso pa anthu awa, ndiye pamaso pa anthu omwewa ndikubweza mawuwo. Pepani.

Mawu amenewa ndi olemera kuposa bokosi lodzaza.

Anandiitanira mu ofesi. Maso ofiira, ndevu zosameta. Ati wakhala akupita kuchipatala tsiku lililonse, n'kumaima pa khomo la wodi, osalimba mtima kulowa. Namwino anandiuzadi za munthu wina wobweretsa malalanje osatchula dzina. Ndinkayesa ndi chibwenzi, ndinali nditakonzeka kale kumukalipira.

Anandigwira dzanja ndi manja awiri. Ndinatsala pang'ono kumukonda.

Kenako anapuma mpweya waukulu, ati: "Ndiye kuti nkhokwe ilibe vuto."

Ndinaluma lilime mpaka kulawa magazi. Ndinati bwana, mabokosi atatu a mtanda munawaona. Ati inde, inde, lipoti lili kulikulu, tidikire. Waimba foni pomwepo. Ofufuza sabweranso. Mmisiri amene anamuitana kuti adzagumule wauzidwa kuti asavutike.

Ndinadziwa kuti zidzatero. Kudziwa sikuchepetsa kuwawa.

Lachitatu, 26 Febuluwale

Makiyi sanabwerebe. Ati kalata yondibweza isainidwe kaye.

Kamsomali wakhala tsonga lero. Adokotala ati miyezi inayi, mwina isanu, adzayenda. Ndinayesa mwayi, ndinati makina a mayi ako akadali bwino. Ati: "Bambo, musayambe." Abwerera kunkhalango. Sindinatsutse. Ndinangoti ukadzabwera pa zenera udzati moni bambo, apo ayi sindikupatsa kanthu.

Madzulo sajeni wabwera kunyumba atanyamula kambale mosamala ngati dzira. Mchere womwe anathira Lolemba la sabata yatha lija. Si chibumanso. Madzi. Ukusefukira m'mphepete mobenthuka muja.

Masiku asanu ndi anayi okha.

Gulu lina likulowa m'nkhalango Lolemba. Anthu khumi ndi awiri. Aliyense ndi Kamsomali wa munthu wina, ndipo bambo awo alibe bokosi la pakati.

Kope ili ndinkalembera ndekha. Mawa ndikalisiya pa tebulo lanu, bwana, pamodzi ndi kambale. Pa tsamba loyamba ndinati wotsegula atseke. Inu musatseke. Muona kuti ndinakutchani Batire. Sindifufuta. Muonanso kuti pomwe ndinalakwa ndinanena, pagulu, chipewa chili m'manja.

Tsopano ndi nthawi yanu. Makiyi khalani nawo ngati mukufuna, ntchito yanga si nkhani. Koma kachinthu kanu ka batire kachotseni pa chitseko, mukakaike pakona ya kumbuyo, mukawerenge nokha. Matabwa ali kuseri kwa galaja, akunyowa, abwerere pansi pa mabokosi. Mabokosi achoke kukhoma. Ngati mukuopa wakuba, ikani nsambo zachitsulo ndi sefa, mpweya umadutsa, mkono sudutsa.

Hamala ndi tchizulo ndili nazo, ndidzakhala pa geti seveni koloko. Likulu lidzatipeza tikugumula.

Tsegulani zibowo zija, bwana. Lisanafike Lolemba.